Mikanda ya Kaboni

Chaka chimene mabeseni a pulasitiki anayamba kupachikidwa pamakonde a masitolo a amwenye ku Foti Jemusoni, ine ndinali ndi amuna awiri m'mutu. Mmodzi anali atandifunsira mwa mwambo wake. Winayo anali asananene kalikonse, ndipo ameneyo ndiye ndinkamufuna. Kunali kumapeto kwa Chitaganya. Ndinkaphunzitsa atsikana kusoka pa sukulu ina ku Kapata, dera lina la m'tauni momwemo, ndipo ndinkakhala kwa amalume, omwe anali kalaliki ku boma, poti amayi anali kumudzi ku Chipangali. Akazi awo a amalume ndinkawatchula azakhali. M'nyumbamo ngakhale singano sinkalowa iwo osaiona.

Wondifunsirayo anali kalaliki wa pamalo ogulira mtedza kwathu ku Chipangali. Anali wofatsa, wosamwa, wolemekeza akulu. Anatuma amalume ake kwa amalume anga monga zimayenera kukhalira, ndipo amalume anga anandiuza kuti yankho lituluke mtedza usanathe kugulidwa, chifukwa mwana wa eni ake sungamuimike panjira mpaka kalekale. Ndinamufunafuna cholakwa munthu ameneyu koma sindinachipeze, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima. Munthu wopanda cholakwa umamukana kuti chiyani?

Winayo anali aphunzitsi a sayansi pa sekondale ya anyamata kunja kwa tauni. Tinkaimba kwaya imodzi ku tchalitchi, iwo besi, ndipo ankalowa mochedwa pafupifupi nyimbo iliyonse. Anakulira pa mishoni ku Tamanda, kumene mayi awo ankachapa nsalu za kuchipatala, ndipo sukulu inawatenga mpaka ku Sozibele. Masiku amenewo amuna awiri akakumana nkhani inali Chitaganya basi, kuti chitha liti ndipo chikatha kudzakhala zotani. Awa ayi. Ankandiperekeza pochokera ku kwaya, akukankha njinga, n'kumandifotokozera chifukwa chake sopo amachotsa mafuta ndiponso kumene mchere umapita ukasungunuka. Tikafika pachipata ankavula chipewa n'kunena kuti, "Mufike bwino, amisitilesi," ine nditafika kale. Ndinkalowa m'nyumba ndili ndi mkwiyo komanso chimwemwe, zonse pamodzi.

Loweruka lina masana anatulukira kunyumba amalume kulibe. Azakhali ankasita pakhonde ndi simbi ya makala. Atapereka moni, aphunzitsiwo anatulutsa kaphukusi ka nyuzipepala m'thumba la jekete, n'kundipatsa ndi manja awiri. Nanenso ndinalandira ndi manja awiri, monga mwana woleredwa. Nditamasula ndinapeza mikanda: yakuda yambiri, yofiira, ndi yoyera ing'onoing'ono. Simbi ya azakhali inaima pa malaya a amalume mpaka tinamva kafungo ka kupsa.

Ana a masiku ano sangamvetse, ndiye ndifotokoze. Kwathu mwamuna sankapatsa mbeta mikanda mwachisawawa. Mikanda inali chikole, chizindikiro chakuti munthuyu ndamusankha. Mtsikana akailandira ndiye kuti walola, ndipo akafuna kuthetsa nkhani ankaibweza. Aliyense ankadziwanso kuti mikandayo mapeto ake ndi m'chiuno, momwe amaiona ndi mwamuna wako yekha. Tsono ine ndinali nditaima pakhonde, mikanda ili m'manja, ndipo ndinailandira ndisanadziwe kuti m'phukusimo muli chiyani.

"Ndikufuna mundithandize, amisitilesi," anatero aphunzitsi. "Munditungire maunyolo atatu. Ine manja anga ndi a choko basi."

Anatola beseni latsopano la azakhali lomwe linali pakhondepo, n'kuligogoda ndi chala.

"Beseni ili mukuliona ngati chinthu chimodzi. Koma mkati mwake muli timaunyolo tatitali tosaoneka ndi maso, tambirimbiri. Dzina lake ndi polima. Unyolo uliwonse ndi kaboni wolumikizana ndi kaboni mnzake, yemweyu wa m'makala anu osita awa. Ndiye mikanda yakudayi ndi kaboni. Mukatunga wakuda mmodzi, wachiwiriyo mumupachike wofiira pambali, ngati kanthambi. Mmodzi wopanda, wina wa kanthambi, mpaka kumapeto."

"Kungotero?" ndinafunsa.

"Nkhani yagona pa mbali imene tinthambito taloza. Unyolo woyamba, tonse tiloze mbali imodzi. Umenewo ndi aisotakitiki. Wachiwiri tizisinthana, kena uku, kena uko. Umenewo ndi sindiyotakitiki. Wachitatu muike mmene mungafunire, popanda dongosolo. Umenewo ndi atakitiki. Tanenani."

Ndinanena. Lilime linapunthwa pa lachiwirilo, ndipo anandibwerezetsa ngati mwana wa sabu A, woyamba kumene sukulu. Anati mayinawo ndi atsopano ngakhale kwa azungu eni ake, anawaona m'magazini imene mphunzitsi wawo wakale ankawatumizira, ndipo m'mabuku a sukulu anali asanalowe. Nkhope yawo inkawala. Ine ndinkayang'ana nkhopeyo kufuna kuona ngati kuwalako kunali kwa ine kapena kwa beseni, koma sindinathe kusiyanitsa.

Atapita, azakhali anaika simbi pansi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zimene ananena sindinamveko olo chimodzi," anatero. "Koma zimene anachita ndaziona ndi maso angawa."

"Ati ndi za kusukulu, azakhali."

"Iwe, umafuna anene kuti ndikukufuna ine ndili pompano? Anthu a sukulu amazungulira. Amalume akowa pondifunsira anayamba ndi kundifunsa mtengo wa nkhuku. Akazi odziwa kutunga mikanda atha m'Foti muno kuti mpaka adutse tauni yonse kudzapeza iwe?"

Funso limenelo linandikhala pamtima. Zoona, akazi otunga mikanda anali mbwee. Koma ndinkadziwanso kuti munthuyu anakulira pa mishoni, kumene mikanda ya m'chiuno sinkatchulidwa n'komwe. Kodi ankaudziwa mwambowo n'kubisala kuseri kwa sayansi, kapena sankaudziwa? Ndikaganiza mbali iyi inkaoneka yoona. Ndikatembenuka, inayonso inkaoneka yoona.

Ntchito ndinaiyamba mawa lake titachoka ku tchalitchi. Kutunga sikunandivute, ndi ntchito ya manja anga. Ndinatenga ulusi wolimba, n'kupanga maunyolo atatu monga anandiuzira, n'kuwayala pamphasa. Anaoneka bwino: woyamba tinthambi tonse kumanja, wachiwiri uku ndi uko, wachitatu mwachisawawa. Koma nditawanyamula kuti ndikasunge, mikanda inazungulira pa ulusi monga imachitira mikanda iliyonse, ndipo nditawayalanso onse atatu anali ofanana. Sindinadziwenso kuti aisotakitiki ndi uti. Ndinamasula n'kuyambiranso, ndikumanga mfundo zolimba. Zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinayamba kukayika manja anga, kenako mutu wanga, kenako ndinakwiyira mwini wake wa mikanda. Ngati unyolo umodzi ungasanduke unzake pongougwedeza, mayina atatu ovuta chonchi ndi a chiyani?

Atabweranso ndinawaponyera maunyolowo pamphasa.

"Sankhanipo aisotakitiki wanuyo, aphunzitsi. Ine zandikanika."

Ananyamula umodzi, n'kuuzunguza pakati pa zala, n'kuyamba kudziseka okha.

"Kulakwa n'kwanga. Ulusi sungathe. Kaboni weniweni sali ngati mkanda wa pa ulusi. Ali ndi manja anayi, ndipo manjawo sagona pansi ngati mtanda ayi. Ganizani kampando ka miyendo itatu, kenako dzanja lachinayi loloza kumwamba. Manja awiri agwira anzake a mu unyolo, ndiye unyolowo suongoka, umayenda mokhotakhota ngati mano a sowo. Manja awiri otsalawo, lina limaloza kwa inu, lina kwa ine. Pa lina pakhala wofiira, pa linalo woyera. Wofiira akakhala kwa inu sangasinthane malo ndi woyera pokhapokha mutathyola."

Anapita pamene anaimika njinga yawo n'kumasula waya wopyapyala ndi pulayala zomwe ankayenda nazo. Tinakhala pamphasa moyang'anana, iwo akupinda waya, ine ndikulowetsa mikanda. Ndinayesetsa kutsatira, Mulungu ndi mboni.

"Chabwino," ndinatero titamaliza chidutswa. "Ofiira onse aloza kwa ine. Nanga ndikautembenuza chonchi, si aloza kwa inu? Wasintha dzina?"

"Ayi, akadali aisotakitiki."

"Koma mwati wofiira sangachoke kwa ine kupita kwa inu."

"Mwatembenuza unyolo wonse. Chofunika si inu kapena ine. Chofunika n'chakuti aliyense afanane ndi mnzake woyandikana naye."

"Ndiye mbali imene mukunenayi ndi mbali ya yani?"

Anakanda m'mutu. Kenako anati ndikweze dzanja langa lamanzere. Ndinakweza. Anabweretsa lawo lamanja n'kuligunditsa pa langa, chikhatho pa chikhatho, chala pa chala.

"Mwaona? Akukumana bwinobwino, ngati munthu ndi chithunzi chake pa kalilole. Zala ndi zomwezo, kuchuluka kwake n'komweko. Koma lanu ndi lamanzere, langa ndi lamanja, ndipo mungalitembenuze bwanji, lamanzere silidzasanduka lamanja. Tinthu tina tosaoneka tilinso choncho."

Azakhali anatsokomola kukhitchini. Ine zimene ankanenazo zinangodutsa. Ndinkangomva kutentha kwa chikhatho chawo, ndipo ndinkadzifunsa kuti mwamuna wa nzeru zake angagwire dzanja la mbeta masanasana pakhomo la amalume ake chifukwa cha beseni? Iwo anachotsa dzanja n'kutola pulayala ngati palibe chachitika.

Chimene chinandiimitsa mutu kwambiri chinali chomaliza. Anati maunyolo a tinthambi toloza mbali imodzi amagona moyandikana n'kuthinana ngati bango la mphasa, ndiye pamatuluka chinthu cholimba, beseni loti uthiremo madzi otentha osapindika. Koma a chisawawa aja sathinana, ndipo chotuluka chake ndi phala lomata ngati ulimbo. Ndinawafunsa ngati mu ulimbowo amathiramo china chake. Anati ayi, zonse ndi zomwezo, kaboni yemweyo, kuchuluka komweko, kusiyana ndi kolozera basi. Zimenezo ndinazikana m'mtima, ndipo pena ndimazikanabe. Ufa womwewo, madzi omwewo, moto womwewo, wina atulutse beseni wina ulimbo?

Anabwera maulendo angapo mpaka maunyolo atatu a waya anatha. Nthawi yonseyo nkhani inali itatuluka kale. Azakhali anangouzako mnzawo mmodzi wa ku tchalitchi, mnzawoyo anangouzako mmodzi, ndipo posakhalitsa amayi a pa mpopi anayamba kundipatsa moni wautali. Wina anandifunsa ngati mikanda ikundikwana kapena ndionjezere ulusi. Atsikana anga a kusukulu ankati ndikatembenuka kuloza ku bolodi, kumbuyo kuli kunong'ona.

Kenako amalume anandiitana. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo akakuitana ndi dzina lako lonse unkadziwa kuti lero kulibe nthabwala.

"A ku Chipangali aja abwera kudzamva yankho," anatero. "Ndikumva kuti m'nyumba mwanga muno mwalowa mikanda. Walandira kapena sunalandire?"

"Ndalandira, amalume."

"Ndi chikole?"

"Sindikudziwa."

"Sukudziwa. Unamufunsa mwini wake?"

Ndinangowerama. Ine ndinali wa pakamwa, pa sukulu ngakhale ahedi ankandidziwa. Koma mtsikana afunse mwamuna kuti kodi mukundifuna? 

"Safunsa anadya phula," anatero amalume. "Ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Kapata yense akudziwa kuti uli ndi mikanda ya mwamuna. Ngati ukufuna wa ku Chipangali, ibweze lero, tikonze nkhani. Ngati suibweza, ine sindinganamize anthu. Ndikawauze chiyani?"

Ndinaganiza za munthu wofatsa uja, yemwe ananditumira akulu ake poyera. Ndinaganizanso za chikhatho chija. Ndinalibe mawu amodzi ochokera pakamwa pa aphunzitsi oti ndiwagwire, ndinali ndi mayina atatu okha omwe sindinkawamvetsa.

"Auzeni kuti ayi," ndinatero.

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga chipewa. Amayi atamva kumudzi anatumiza mawu akuti ndataya nkhwangwa ndi mpini womwe. Kalaliki uja sanachedwe, anafunsira mtsikana wina wa ku Kasenengwa, ndipo ndinamva kuti mtsikanayo analola tsiku lomwelo.

Patapita nthawi pang'ono aphunzitsi anabwera atavala tayi. Anati kusukulu kwawo kuli tsiku la makolo, ndipo akufuna tonse a m'nyumba tikakhalepo. "Amalume asalephere," anatero. "Ndikufuna anthu akuoneni." Potuluka anapempha maunyolo aja kuti apite nawo. Azakhali sizinawakomere, poti chikole sachitenganso. Koma anadzitonthoza okha. Anati mwina mayi awo a aphunzitsi abwera kuchokera ku Tamanda ndipo akufuna kuwaonetsa manja a mtengwa. Ine ndinagwira mawu akuti anthu akuoneni, n'kumawatembenuza uku ndi uku sabata yonse.

Tinapita titatchena. Amalume anavala jekete ya ku boma, azakhali duku latsopano, ine diresi lomwe ndinasoka ndekha. Fumbi la mumsewu linatifika m'maondo. Tinalowa m'kalasi yodzaza makolo ndi anyamata, ndipo amayi atatu a ku tchalitchi kwathu omwe ana awo ankaphunzira pamenepo anatisunthira malo pa benchi akumwetulira. Nditakweza maso ndinaona mikanda yanga. Inali itapachikidwa pa misomali pa bolodi, unyolo uliwonse dzina lake lili pansi pake ndi choko.

Aphunzitsi analankhula m'Chingerezi, kenako m'Chinyanja. Ananyamula beseni, analoza maunyolo ndi ndodo, anafotokoza za bango ndi ulimbo. Bambo wina wachikulire anafunsa ngati beseni lotere likabooka angaliwotcherere ngati la chitsulo, ndipo anthu anaseka. Ine ndinkadikira. Mayi awo a aphunzitsi sindinawaone paliponse.

Kenako anatsitsa maunyolo aja pa bolodi n'kuwapereka kwa anyamata a kutsogolo kuti ayende dzanja ndi dzanja. Ndinaona mikanda imene Kapata yense ankaitcha chikole changa ikugwiridwa ndi anyamata a eni ake, wina akuipinda, wina akuinunkhiza. Wina wamwano anaikulunga m'chiuno mwake n'kugwedeza, anzake n'kufa nacho chiseko. Amayi a ku tchalitchi aja anasiya kumwetulira. Mmodzi anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi, ndipo kuyang'ana pansiko kunandipweteka kuposa chiseko cha anyamata.

"Ntchito yokongolayi," anatero aphunzitsi mokweza, "anatithandiza ndi amisitilesi akhala apowa. Tiwaombere m'manja."

Anthu anaomba. Ndinaimirira poti anandiuza kuti ndiimirire. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso moyo wanga wonse. Azakhali anakokera duku kumaso. Pobwerera, titayamba kuona madenga a ku Kapata, azakhali anati, motsitsa, "Komatu anapereka ndi manja awiri." 

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, amalume anawauza aphunzitsi kuti adzere kunyumba. Anakhala pa mipando pansi pa mtengo wa mango. Ine ndi azakhali tinali kukhitchini, kuseri kwa mpanda wa udzu, kumene mawu onse ankafika.

"Aphunzitsi," anayamba amalume, "mikanda munabweretsa pakhomo pano ija, munkatanthauza chiyani?"

"Oo, ija. Yakuda ija ndi kaboni, bambo. Tsono yofiira ija..."

"Za pulasitiki ndinazimva kusukulu kwanu. Sindikufunsa zimenezo."

 Kenako amalume anayala nkhani yonse, mosakweza mawu, monga ankawerengera makalata ku boma. Anati mwana wa mlongo wawo analandira mikanda m'manja mwa mwamuna pamaso pa mkulu. Anati panali munthu wina amene anafunsira mwa mwambo, ndipo anabwezedwa chifukwa cha mikandayo, ndipo pano wapeza wina. Anati tauni yonse ikudziwa, ndipo tauni yomweyo yaona mikandayo ili m'chiuno mwa mwana wa sukulu.

"Ndiye ndikufunsani kamodzi kokha, ndipo sindikukukakamizani. Chinali chikole kapena sichinali?"

Aphunzitsi sanayankhe. Ndinamva nkhuku ikupalasa masamba. Ndinamva a nyumba yoyandikana akupopa pulaimasi yophikira, mpaka inayaka. Munthu amene ankatha kulankhula za mchere kuchokera ku tchalitchi mpaka pachipata anali wopanda liwu. Ndinasuzumira pa kampata ka udzu. Anali atagwira chipewa pa maondo, akuyang'ana kukhitchini kumene ndinali, ngakhale sindikhulupirira kuti ankandiona.

"Chinali chikole, amalume," anatero pomaliza.

Azakhali anandifinya mkono n'kuyamba kulira mwachimwemwe. Amalume anati ngati ndi choncho atume akulu ake ngati munthu. Ine ndinakhala pa mtondo wogubuduzika n'kumadikira kuti chimwemwe chifike. Chinafika ndithu, sindinganame, koma chinabwera pamodzi ndi chete uja. Munthu wodziwa chimene anachita safunika nthawi yoti pulaimasi iyake kuti ayankhe.

Akulu anabwera kuchokera ku Tamanda, zonse zinayenda mwa dongosolo, ndipo tinakwatitsa mvula isanayambe. Tinakakhala m'nyumba ya aphunzitsi pa sukulu pomwepo. Anali mwamuna wabwino. Sanandikwezere dzanja, sankamwa, malipiro ankabwera nawo kunyumba. Ankandifotokozerabe zinthu zomwe sindinafunse. Maunyolo aja anakhala m'kabati ya kusukulu, ndipo chaka ndi chaka ankawatulutsa kuonetsa anyamata atsopano. M'chiuno mwanga munalowa mikanda ina imene anandipatsa azakhali.

Funso lija ndinalisunga mpaka mwana wathu woyamba atayamba kukwawa. Tsiku limenelo aphunzitsi ankamata chubu cha njinga pabwalo, ine ndikusenda chinangwa, mwana ali pakati pathu. Sindikudziwa chinandituma. Mwina ndinaona kuti tsopano ndakhazikika, yankho lililonse ndingalinyamule.

"Bambo, ndikufunseni. Tsiku munkagula mikanda ija kwa amwenye, munkaganiza za ukwati?"

Anaviika chubu m'madzi kufuna pobooka.

"Ayi," anatero. "Ndinkafuna maunyolo. Za chikole ndinkazimva kuti ziliko, koma sizinandibwerere m'mutu olo pang'ono. Ndinazindikira amalume akulankhula."

"Nanga munavomereranji?"

"Ndinakumverani chisoni, mayi. Mukanayenda bwanji m'Kapata?"

Ananena mofatsa, ngati akundiuza kuti kunja kukuzizira, n'kupitiriza kupala chubu. Ine ndinaika mpeni pansi, n'kunyamula mwana, n'kulowa m'nyumba. Ndinalira mpaka mwanayo anayamba kulira nane. Kwa masabata ndinkawaikira chakudya patebulo osalankhula. Iwo anasokonezeka zenizeni. Ankanditsatira kukhitchini n'kumati, "Koma munafunsa nokha. Munkafuna ndiname?" Ndipo eya, ndinkafuna aname, komanso akanati aname ndikanadziwa, ndipo ndikanawada nazo.

Mkwiyo unatha monga umathera mkwiyo wa m'banja, wopanda tsiku lake. Chitaganya chinatha, tauni inasintha dzina, ana anabwera ena. Nditadwala kwambiri pobereka wotsiriza, anthu anandiuza kuti bambowo anakhala pakhonde la chipatala osadya, akulira poyera ngati mwana, mpaka anamwino anachita kuwathamangitsa. Atapuma ntchito sankadya ine ndisanakhale pansi. Ndikapita kumudzi kukaona amayi, ndinkawapeza ataonda.

Ndiye ndimati chisoni chija chiyenera kuti chinatha penapake, china n'kulowa m'malo mwake. Ndimatero, ndipo masiku ambiri ndimakhulupirira. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafunse kuti chinatha liti. Koma munthuyo sankadziwa kunama, ndiye ndinawaika m'manda ndisanafunse.